Nsomba Inabwera, Ababa Anatsala

Galimoto itaima pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi amene anakhala pakhonde anakweza maliro, poganiza kuti mwina uthenga wa pafoni uja unali wolakwika, mwina thupi labwera ndithu. Dyna sanalire nawo. Anaima pakhomo la khitchini, chitenje atamanga m'chiuno, maso ali kumbuyo kwa galimotoyo. Bambo ake aang'ono, a Isake, amene anali dalaivala ku esiteti ya tiyi, anatsitsa chikwama cha malemu, nsapato zawo, kenako bokosi labuluu losungira ayezi. Basi. Katundu anathera pomwepo.

"Umo muli chiyani?" anafunsa Dyna.

"Nsomba, mwanawe. Nsomba imeneyi ndi..."

"Nanga ababa ali kuti?"

A Isake anavula chipewa, n'kumachipinda m'manja.

Bambo ake a Dyna, a Robson Muhala, anali khukhi kunyumba ya bwana wamkulu wa esiteti kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chaka chilichonse m'mwezi wa Okutobala, tiyi akachepa m'minda, bwana Thomson Mulera ndi anzake atatu ankadutsa pa Muloza, kulowera ku Mozambique mpaka kunyanja ya mchere kupitirira Kelimani. Kumeneko ankachita hayala boti ya injini n'kulowa nayo pakati penipeni, kumene mtunda suonekanso, kukawedza nsomba zikuluzikulu. Si njala ayi. Ankangofuna kujambulitsa nazo zithunzi ndi kukaonetsana. Anthu okhuta ali ndi masewera awo! A Robson ankawatenga kuti azikawadulira nyambo m'botimo ndi kuwaphikira zimene agwira. Ulendo uno Lamlungu m'mawa a Robson sanadzuke, ndipo Lolemba anawaika konko.

"Ndinawapempha bwana, Mulungu ndi mboni," anatero a Isake. "Ndinati tiwagoneke kumbuyoku, tiwazinge ndi ayezi, tsiku limodzi tafika. Iwo anati kudutsa ndi maliro pachipata kumafuna mapepala, mapepalawo atenga masiku anayi, ndiye..."

"Ndiye chiyani? Malizani."

"Ndiye nsomba ziwonongeka."

 Mayi wa mpingo amene ankatsogolera nyimbo pakhonde anasiyira panjira.

"Mabokosi a ayezi analipo angati?" anafunsa Dyna.

"Asanu."

"Asanu!" Dyna anawomba m'manja kamodzi. "Mabokosi asanu malo anapezeka, munthu mmodzi malo anasowa. Ndipo inu, mng'ono wawo wobadwa naye bere limodzi, munaliza galimoto. Anawasambitsa ndani ababa?"

"Asodzi a kumeneko. Ndi anthu abwino, anatithandiza kukumba, pansi pa mitengo ya kokonati. Alamu," a Isake anatembenukira kwa mkazi wa malemu, a Edna, amene anakhala pamphasa atatsamira khoma, "tamvani kaye za nsomba iyi."

"Chotsani chinthucho pamaso panga," anatero a Edna, osadzutsa mutu.

"Mwamva," anatero Dyna. "Bwana wanu watuma ndiwo kuti atitseke pakamwa. Mukatchulanso nsomba pakhomo pano, bambo aang'ono, ndikuthirani madzi otentha. Sindikuseka."

 Paja fisi akagwa m'mbuna salankhula. A Isake anapita kukakhala okha kumapeto kwa bwalo, ndipo palibe mwamuna amene anawasendera.

Anthu ankayesa kuti Dyna akataya nsombayo kudzala. Iye anakokera bokosilo kuseri kwa khitchini, mbali imene dzuwa limawomba tsiku lonse. Anatsegula kabowo ka pansi, madzi a ayezi natsikira m'fumbi. Kenako anatseka chivundikiro bwinobwino n'kutsikizapo mwala waukulu.

Lachitatu anaika maliro pamudzi wa a Edna kufupi ndi Milonde. Munthu akafera kutali thupi osabwera, kuno amadula thunthu la nthochi, kulikulunga munsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti mzimu udziwe kwawo. Esiteti inatumiza bokosi la maliro lopala bwino, nkhuni ndi tiyi. Bwana Mulera sanabwere. Anati ali ndi msonkhano ku Blantyre, adzafika Loweruka, tsiku lometa. Dyna anaona amuna onyamula bokosi akuyenda mowerama ngati alemedwa, chonsecho akunamizira pofuna kulemekeza amayi ake, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa nyimbo zonse. Pamanda anthu ankalirira nthochi. Iye ankawerenga masiku a bokosi lina lija kuseri kwa khitchini.

Pofika Lachisanu ntchentche zobiriwira zinayamba kuzungulira mwala uja. A Edna anapeza mwana wawo akukuta kokonati pamtondo wogubuduza. Dyna anali ndi kalesitilanti kake pa Muloza, kumene a kabaza ndi osintha ndalama ankadyera masana, ndipo kokonati ankadziwa kogula.

"Kokonati pamaliro?" anafunsa a Edna.

"Tili ndi mlendo mawa."

A Edna anayang'ana kokonatiyo, nayang'ana ntchentche zija. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Iwe Dyna, ukufuna kupha munthu?"

"Ayi amayi. Kumupha n'kumuchitira chifundo. Ndikufuna adye basi. Iye anasankha nsomba kusiya munthu. Adye zimene anasankhazo, anthu akuona."

"Bambo ako aang'ono ali ndi ana asanu. Ntchito yawo ili m'manja mwa munthu ameneyo."

"Anali nawo ana asanuwo pamene ankaliza galimoto."

"Bambo ako sanapatsepo munthu chakudya choipa, ngakhale galu."

"N'chifukwa chake agona mumchenga wa eni ake, ife n'kumagwadira nthochi."

 Mphepo yotentha inkatsika kuchokera kuphiri, n'kumabweretsa fungo lija pang'onopang'ono. A Edna anadzuka, nakonza mpango wawo wakuda. Atafika pakhomo anaima osacheuka.

"Adyo ali m'chitini pamwamba pa kabati," anatero, nalowa.

Loweruka m'mawa, amuna akumetana pansi pa mtengo, Dyna anakoleza moto wake payekha kumunsi kwa nthochi, kutali ndi amayi amene ankaphika nyemba ndi kabichi. Anamanga nsalu pamphuno n'kuchotsa mwala. Mayo ine! Fungo lake linali loti nkhuku zinathawa. M'katimo nsomba inali yodulidwa kale m'mapisi okhuthala, ofanana onse, oyalidwa mwadongosolo. Kadulidwe ka mpeni wa bambo ake anakazindikira pomwepo. Palibe wina ankadula choncho. Ndiye kuti mpaka tsiku lawo lomaliza anali chiweramire pa nsomba za bwana!  Anatola mapisi atatu apamwamba, otetemera, oyamba kubiriwira m'mbali, n'kutseka bokosilo msanga.

Anaphika monga mmene bambo ake anamuphunzitsira. Mandimu ambiri, adyo wosinja, tsabola wa kambuzi, anyezi wokazinga mpaka afiire, kenako mkaka wa kokonati wofinya pansalu. Madzi osathira. A Robson ankati nsomba ya kunyanja yamwa kale madzi okwanira moyo wake wonse.

Kungoti iwo sankaphika mapisi otere kunyumba kwawo. Mnofu unali wa mabwana. Khukhi ankapatsidwa mitu, ndipo chaka chilichonse ankabwera nayo itathiridwa mchere, yokulunga m'chiguduli. Dyna ali wamng'ono ankawaseka.

"Ababa, kodi nsomba za ku Mozambique zilibe thupi? Zimangoyenda mitu yokhayokha?"

"Seka lero, mayi wanga," ankatero a Robson. "Tsiku lina ndidzakubweretsera yanga, yogwira ndekha, yathunthu. Udzadya mpaka udzapempha madzi."

Akatero ankakolowola ndi chala chachikulu timinofu tiwiri ta m'masaya mwa nsomba, kamodzi m'mbale ya mkazi wawo, kena m'mbale ya Dyna, iwo n'kudzikokera mafupa n'kumanena kuti kukoma konse kuli m'mafupamo. Dyna anapukuta maso ndi mkono, n'kunena yekha kuti ndi tsabola. Msuzi unagwira bwino, wachikasu, wokongola zedi. Ukanauona patali ukanameza mate.

Bwana Mulera anafika dzuwa lili pamutu, akuyendetsa yekha galimoto, atavala suti yakuda. Anapatsa anthu moni wa m'manja mmodzimmodzi, nagwada pang'ono pamaso pa a Edna. Anamupatsa mpando pakati pa akulu a mpingo ndi eni mbumba. Atapatsidwa mpata analankhula bwino, pakuti pakamwa anali napo.

"A Robson sanali wantchito kwa ine ayi. Anali m'bale wanga. Chakudza sichiimba ng'oma, abale anga. Tinachita zonse zimene tikanatha."

Nthawi ya chakudya itakwana, Dyna anabwera yekha ndi beseni ndi jagi. Anagwada, namusambitsa m'manja bwanayo mwaulemu wonse. Anabwerera, nabwera ndi mbale ziwiri zovundikira, ina ya mpunga, ina ya ndiwo. Akuluakulu ena onse anali atalandira kale nyemba. Anagwadanso, navundukula.

Mandimu ndi adyo anayesetsa, koma masiku anayi a dzuwa la Okutobala si masewera. Mkulu wa mpingo amene anakhala pafupi anasendeza mpando wake.

"Bwana," anatero Dyna mokweza kuti ndi amayi a pakhonde omwe amve, koma mawu ake ali ofatsa, "ife ndife amphawi, tilibe choti n'kukulandirirani nacho. Koma nsomba iyi ndi yaulemu. Ndi imene inakwera pamalo pa bambo anga. Inagona pa ayezi amene bambo anga anamanidwa. Inadutsa pachipata popanda pepala. Ife sitingaidye, yatikulira. Ndaphika mmene ankakuphikirani iwo. Idyani."

Bwana Mulera anali mwana wa konkuno, wobadwira kuseri kwa phiri lomweli, ndipo mwambo ankaudziwa. Chakudya cha pamaliro sakana. Munthu akakankha mbale pamaliro, anthu amati akudziwapo kanthu pa imfayo, ndipo mbiri yotere imakafika ku esiteti iye asanafike. Anayang'ana akulu a mpingo, iwo n'kumayang'ana nyemba zawo. Anayang'ana a Edna. A Edna anamuyang'ananso, osaphethira.

"Mayi, ndadya kale kunyumba," anatero bwanayo chapansipansi.

"Ndi m'bale wanu, bwana. Mwanena nokha. Pamaliro a m'bale wanu mungadyere kunyumba?" anatero Dyna.

A Isake anadzuka kumapeto kwa bwalo. "Dyna, mwanawe, imeneyo..."

"Khalani pansi, alamu," anatero a Edna. Anakhala.

Bwanayo anatema nsomba ndi zala, ndipo inangophwanyika ngati phala. Anaisakaniza ndi mpunga wambiri, naika m'kamwa. Anatafuna kawiri n'kumeza. Thukuta linatuluka pamphuno. Dyna sanadzuke. Anagwadabe pomwepo, manja ali pamaondo, ngati mwana wamakhalidwe amene akudikira mbale.

"Mchere wakwana, bwana?"

Bwanayo anameza kachiwiri. Kachitatu kanakana kutsika. Anadzuka, mpando n'kugwa chagada, nathamanga chowerama mpaka kuseri kwa galimoto yake, ndipo bwalo lonse linamva zimene zinachitika kumeneko. Palibe anaseka, palibenso anapita kukamugwira. Mayi wina pakhonde anangoti, "Hmm," n'kupitiriza kudya.

Dyna anamutsatira ndi beseni ndi jagi, nagwadanso.

"Sambani, bwana. Yatsala yambiri. Tikuikireni m'galimoto? Malo alipo lero."

Bwana Mulera sanasambe. Analowa m'galimoto, taye ili yonyowa, nachoka osatsanzika. Fumbi lake lisanathe, nkhani inali itafika kale pamsika wa Milonde.

Tisabise, Dyna anakondwa. Anakondwa kwambiri, mtima unachita kuti myaa, ndipo kwa nthawi yoyamba chimvereni uthenga uja anamva njala. Anadya nyemba mbale yodzaza ataimirira.

Chakumadzulo, anthu atayamba kubalalika, anali kumunsi kwa nthochi akukwecha poto uja ndi mchenga. A Isake anabwera, mutu uli mbee ndi lumo, nakhala pachitsa moyang'anana naye.

"Madzi otentha aja uwiritse," anatero. "Undithire, koma lero ndinena."

Dyna anapitiriza kukwecha.

"Nsomba za bwana zili mufiriji kunyumba kwake, mabokosi anayi. Sanakutumizireni kanthu iye uja. Bokosi ili ndinachita kulimbirana naye pachipata cha esiteti. Nsomba iyi anagwira ndi achimwene."

Dzanja la Dyna linaima.

"Loweruka lapitali tili pakati pa nyanja, mnzake wina wa bwana anadwala ndi mafunde, n'kugona pansi m'botimo. Ndodo yake yowedzera anangoisiya. Chingwe chitayamba kulira panalibe wogwira, achimwene n'kuponya mpeni wa nyambo, kuigwira. Zaka zonsezi anali asanagwirepo ndodo, iwe. Mabwana ankaseka, ati khukhi akokedwa alowa m'madzi. Analimbana nayo pafupifupi ola lathunthu, zikhatho mpaka kusupuka. Itatuluka, kutalika kwake kufika pachifuwa panga apa. Ulendo wonse palibe anagwira yoposa imeneyo."

"Mukunama."

"Titafika kumtunda bwana anati, monga mwa masiku onse Robson, mutu ndi wako. Ndinamva ndi makutu angawa achimwene akuyankha kuti, iyi yokha ayi bwana, iyi ili ndi mwini wake ku Muloza. Chiyambire sindinawamvepo akumukaniza kanthu munthu uja. Anaidula okha, kuiyala okha, ayezi kukapempha okha kwa asodzi. Madzulo anaphikira mabwana nsomba zawo, akuimba. Anati pachifuwa pakulemera, koma n'kutopa chabe. Anandiuza kuti, Isake, ndikufuna ndidzamuone nkhope akamatsegula."

Dyna anayang'ana poto amene anali m'manja mwake. Anayang'ana bokosi lija kuseri kwa khitchini, ntchentche zili ng'waa pamwamba pake. Masiku anayi ankalidutsa m'mawa ndi madzulo, n'kumakondwa kuti dzuwa likugwira ntchito.

"Bwanji simunanene?" Mawu anatuluka aang'ono.

"Ndinayesa katatu."

Zinali zoona, ndipo Dyna sanatsutse. Anaika poto pansi. Kulira kumene anakukaniza pamanda kunabwera tsopano, koipa, kopanda nyimbo, chipumi atagunditsa pamaondo. A Isake sanamutonthoze. Anangokhala pachitsa paja mpaka Dyna anatopa yekha.

"Ntchito ikutherani chifukwa cha ine," anatero Dyna pomaliza.

"Mwina. Lolemba ndikamva."

"Koma uja sindimupepesa. Ngakhale abwere mawa, ndimudyetsanso."

"Sindinakutume kukapepesa. Ine ndinaliza galimoto, zanga ndikuzidziwa." A Isake anadzuka. "Unafika pansi pa bokosilo?"

Anapita limodzi. A Isake anagwira mphuno, Dyna sanagwire. Anatulutsa mapisi onse limodzilimodzi ndi manja ake, n'kumawayala m'dzenje limene bambo ake aang'ono anakumba patsinde pa nthochi yodulidwa ija. Pansi penipeni panali phukusi la pulasitiki, lomangidwa kawiri ndi chingwe chowedzera. M'kati mwake munali chiguduli, m'chigudulimo mutu waukulu wa nsomba, wochotsedwa makha, wokwiriridwa mumchere wamiyala. Unali bwinobwino. Mchere unausunga.

"Nsomba yawo yomwe, anadulanso mutu n'kuupatula?" anafunsa Dyna.

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati thupi lonse ndi la Dyna ndi amake. Mutu ndi wanga, ndinazolowera."

Dyna anautsuka, nauviika m'madzi kuti mchere uchepe, natenga poto wina. Kokonati inali itatsala theka. Anathira mandimu, adyo, tsabola pang'ono chifukwa amayi ake sakonda wambiri. Madzi sanathire.

Anadyera pakhonde dzuwa lisanalowe, atatu okha. A Edna anali atamva zonse kwa alamu awo, ndipo anangosendeza mphasa kuti a Isake akhale pafupi. Dyna anaika mbale pakati.  Kenako iye analowetsa chala chachikulu m'tsaya la nsombayo, nakolowola kamnofu koyera, naika m'mbale ya amayi ake. Anautembenuza mutuwo, nakolowola kena, naika m'mbale ya bambo ake aang'ono.

Mafupa anadzikokera yekha.